Dzanja la Nelly

Zaka makumi anayi ndi zinayi ndakhala ndikutsegula mawotchi a anthu, ndiye ndikuuzeni chilungamo: palibe chinthu chauve ngati wotchi imene munthu waivala zaka zambiri osaitsuka. Ukangochotsa lamba, m'ngodya muja mumatuluka phala lakuda la thukuta, sopo, fumbi ndi tizikhungu ta mwini wake. Kale tinkalipala ndi kamtengo, n'kulitaya, n'kusamba m'manja kawiri. Lero kuli anthu amene amachita kupempha kuti phala limenelo lisachoke. Ndi anthu amenewo amene ndimakhala nawo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, m'chipinda chakumbuyo cha lesitilanti ya pafupi ndi siteshoni kuno ku Le Locle, tauni ya mafakitale a mawotchi. Musandifunse chimene ndimapitirako. Ndinapuma pa ntchito, mwamuna ndilibe, ndipo chisanu cha kuno chimatenga miyezi yambiri.

Amadzitcha okonda mawotchi. Alipo khumi ndi mmodzi, amuna okhaokha, ndipo ine amandilola kukhala nawo chifukwa ndine ndekha amene ndingatsegule wotchi osaikanda. Amafika ndi timabokosi tawo, n'kuyala mawotchi pa nsalu pakati pa mbale za soseji ndi tchizi, kenako mkangano uyambike. Mkanganowo ndi umodzi womwewo chaka chonse. Gulu la a Stauffer, amene kale ankagulitsa magalimoto, limati wotchi yakale iyenera kupukutidwa mpaka iwale ngati yatsopano. Gulu la a Grandjean limati wopukuta wotchi ndi chigawenga, akanakhala amamangidwa. Tsiku lina anatukwanizana ola lathunthu pa nkhani ya nambala 4 ya pa wotchi ina, ngati mutu wake umayenera kukhala wotseka kapena wotsegula, mpaka a Stauffer anatchula amayi a munthu. Anthu a imvi zawo, ena ali ndi zidzukulu.

A Thibaud Grandjean ndi dokotala wa mano wa kumunsi ku Neuchâtel. Ali ndi mawotchi oposa mazana awiri, koma akafuna kudziwa nthawi amayang'ana pa foni. Pogwira wotchi amavala magolovesi oyera, magolovesi omwewo n'kutolera nawonso soseji. Koma chimene chimandinyansa kuposa zonse n'chakuti amanunkhiza malamba. Akapeza lamba wachikopa amene munthu wina, mwina womwalira kalekale, anamunyowetsa ndi thukuta zaka makumi atatu, amamuika pa mphuno, n'kutsinzina, n'kunena kuti ameneyu ndiye weniweni.

Amene anapita ndi a Firmin Ducommun kwa anthu amenewa ndine, ndipo tchimo limenelo ndi langa.

A Firmin amakhala pansi m'nyumba yathu yosanja, ine pamwamba pawo. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 86. Moyo wawo wonse anagwira ntchito pa makina odinda zigoba za mawotchi, koma wotchi anali nayo imodzi yokha, ndipo nkhani yake aliyense mu msewu wathu ankaidziwa. Akazi awo, a Nelly, ankapenta manambala pa nkhope za mawotchi ndi utoto uja wowala mumdima, wa radiyamu. Ankagwirira ntchitoyo kunyumba, pa tebulo la kukhitchini, monga ankachitira azimayi ambiri a kuno masiku amenewo. Atatsala pang'ono kukwatirana mu 1957, a Nelly anapempha kufakitale kuti nkhope imodzi imene apente iwo iikidwe pa wotchi imene a Firmin ankagula. Patatha zaka khumi ndi chimodzi a Nelly anamwalira, mafupa atadyeka, nsagwada itayamba kugumuka. Ana analibe. Zovala anagawana achibale, tebulo lija anakalitaya. Chimene chinatsala chokhudzidwa ndi dzanja la a Nelly ndi wotchiyo basi. M'mawa uliwonse a Firmin ankapota kamutu kake kuti iyende, n'kuiuza kuti wadzuka bwanji Nelly. Ndinkawamva ndikamatsika kukatenga makalata.

Lamba wa wotchiyo anaduka, ndiye a Firmin anabwera nayo kwa ine. Ndikanangowaikira wina n'kuwasiya, bwenzi zonsezi kulibe. Koma mtima wanga wa makaniwu unati tiyeni nawo Loweruka, anthu aja akaone munthu amene amavala wotchi chifukwa choikonda, osati kuitsekera m'bokosi. Ndinkafuna kuwachititsa manyazi. A Firmin anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kupesa titsitsi tawo totsalato.

Poyamba zinayenda bwino. A Grandjean atangoiona wotchiyo anaimirira, chifukwa fakitale yake, imene inatsekedwa kalekale, inangopanga mazana atatu okha a mtundu umenewo. Anaika galasi padiso n'kuyamba kuyamikira litsiro la m'ngodya, kuti taonani anzanga, siinapukutidwepo, ndi namwali ameneyu. A Firmin ankamwetulira, osadziwa kuti akuwatamanda chifukwa cha uve. Anafotokoza nkhani ya a Nelly. Ngakhale a Stauffer anasiya kutafuna.

Kenako a Grandjean anachita tsinya. Anati nkhope ya wotchiyo yayera kwambiri. Radiyamu, iwo anatero, ikakhala zaka makumi asanu ndi limodzi imawotcha utoto, manambala n'kusanduka ofiirira, mtundu umene iwo amautcha dzungu ndipo amaufunafuna ngati mankhwala. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kamakina koyezera radiyamu, kamene amayenda nako paliponse. Anakayandikiza pa wotchi yawo ina yakale, kanayamba kulira kete kete kete. Anakayandikiza pa wotchi ya a Firmin. Kanangoti chete.

"Pepani bambo," anatero a Grandjean, koma maso awo ankaseka. "Nkhope iyi si yake. Wina anachotsa yeniyeniyo n'kuikapo iyi. Iyi ndi yodinda ndi makina, ya m'ma 1970."

Pomwepo mkangano unabuka. A Stauffer anati bola yomweyo, yoyera bwino, munthu n'kumawerenga nthawi osavutika. Wina anati ayi, wotchi yotere ndi thupi la munthu lokhala ndi mutu wa mnzake. Wina anati tione kaye mivi, mwina mivi yokha ndi yake. Ankapatsirana wotchiyo pamwamba pa mutu wa mwini wake, zala zili mafuta okhaokha. A Firmin khutu limodzi silimva bwino, ndiye ankangotembenukira uku ndi uku, kufuna kugwira mawu a aliyense. Kenako anandigwira mkono.

"Huguette, akuti chiyani anthuwa? Akuti si dzanja la Nelly?"

Ndinawauza kuti asamvere za dokotala wa mano, munthu amene moyo wake wonse amangoona zowola zokhazokha. Ndinaimirira, ndinatsomphola wotchiyo m'manja mwa amene anali nayo, n'kuuza a Grandjean kuti kutsutsa galu n'kukumba, ndikaitsegula ndekha, ndipo mwezi wamawa adzapepesa pamaso pa onsewa. Iwo anangoti chabwino mayi Matile, kaitseguleni. Ndinatuluka ndi a Firmin soseji yanga ndisanaimalize. Titafika pa khomo pawo anati ndisachedwe nayo, chifukwa sagona bwino opanda iyo.

Lamlungu m'mawa ndinakhala pa tebulo langa la ntchito. Ife okonza mawotchi tili ndi mwambo wathu. Ukakonza wotchi, umakanda ndi singano mkati mwa chivundikiro chakumbuyo zilembo za dzina lako, mwezi, chaka ndi zimene wachita. Mwini wake saziona, timalemberana tokhatokha, kuti wodzatsegula pambuyo pako adziwe amene anadutsamo. Mu wotchi ya a Firmin munali zizindikiro zinayi. Zitatu zinali za anthu amene ndinkawadziwa, onse anatisiya: wina anatsuka, wina anathira mafuta, wina anasintha sipuling'i. Chachinayi chinali m'mphepete, chaching'ono. H.M., 3.74, ndi tizilembo tiwiri tosonyeza kuti nkhope ndi mivi zasinthidwa. H wake anali wopendekera kumanja, monga ndimalembera mpaka lero. Huguette Matile. Ine amene.

Ndinavula galasi, ndinalipukuta, ndinalivalanso. Zilembo zinali pomwepo.

Mu 1974 ndinali ndi zaka makumi awiri, ndikugwira ntchito pa shopu ya malemu a Montandon. Lamulo la pa shopupo linali limodzi: wotchi iliyonse yobwera ndi nkhope ya radiyamu, chotsa, ikapo yatsopano yopanda poizoni. Mwini wake sitinkamufunsa. Tinkaona ngati tikumuchitira chifundo, ndipo ambiri ankabwera kudzathokoza kuti wotchi yawo yawala. Ndinkasintha khumi pa sabata, uku ndikuimba nyimbo za pa wailesi. A Firmin sindinkawadziwa nthawi imeneyo, ndipo wotchi yawo sindiikumbukira n'komwe. Zimenezo ndiye zimandiwawa kwambiri, kuti ndinachotsa chinthu chokhacho chimene munthu anatsala nacho, ndipo tsikulo silinasiyane ndi masiku ena. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Wamkuluyo anali pansi panga pomwepo, ndinkamumva akutsokomola.

Koma nkhope zakalezo sitinkazitaya. Iliyonse tinkaiika mu envulopu, n'kulembapo nambala ya wotchi yake, n'kuponya m'dilowa. Shopuyo itatsekedwa, madilowa onse anagulidwa ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo ankadzitama nazo mwezi uliwonse pakati pa soseji ndi tchizi. Lachiwiri ndinakwera sitima kutsikira ku Neuchâtel, manyazi atandigwira mpaka m'zala za kumapazi.

A Grandjean sanandiseke. Akanandiseka bwenzi zili bwino, ndikanawatukwana n'kupepukidwa. Iwo anasangalala ngati mwana. Ananditsitsira m'chipinda chawo chapansi, chonunkha nkhungu ndi zikopa zakale, chimene zenera lake amalisiya lotsegula chaka chonse chifukwa cha mpweya wa radiyamu. M'menemo munali madilowa athu aja, ndinawazindikira ndi zogwirira zake. Maenvulopu mazanamazana, ndipo ambiri anali olembedwa ndi dzanja langa. Tinafufuza maola awiri, iwo akundifotokozera za envulopu iliyonse ngati sindine amene ndinamata. Kenako nambala ija inatuluka.

Ndinaikhuthulira pa nsalu. Ine ndinaona kachitsulo kopsa, kofiirira ngati banga la mkodzo pa matiresi. Manambala anali atatupa ngati nkhanambo, 8 atasweka pakati, ndipo pamene mivi yakale inagona mu envulopumo zaka zonsezo panali mizere iwiri yakuda. A Grandjean anaona zina. Anausa moyo, ndipo ndikulumbira, pa mlomo pawo panali kadontho ka malovu. Ankangoti dzungu, dzungu lenileni, taonani mmene lapsera. Ndinaitembenuza ndi chopanira. Kumbuyo kwake kunali zilembo ziwiri zokandidwa ndi singano, N ndi F, ndi chaka, 1957. Kamakina kawo kaja kanalira ngati kakufuna kusweka.

Ndinawapempha kuti andipatse. Ndinawauza kuti ine sindipemphapempha, koma lero ndapempha. Anandiyang'ana ngati ndapempha impso yawo. Anati nkhope yotere ikakumananso ndi chigoba chake chosapukutidwa, imeneyo ndi wotchi imene munthu amaiona kamodzi m'moyo, ndiye aipereke bwanji kwa munthu amene amatsuka nayo mbale.

"Komatu ine sindine wouma mtima, mayi Matile," anatero. "Ikani nkhopeyi pa wotchi yake, mkuluyo aivale masiku amene watsala nawo. Akapita, zonse zibwere kwa ine. Tingolemberana kapepala basi."

Anawonjezera kuti isamavalidwe padzuwa, isayandikire madzi, ndipo litsiro la m'ngodya lija munthu asalikhudze. Kenako, uku akubwezera nkhopeyo mu envulopu, anandifunsa kuti kodi ndinati mkuluyo ali ndi zaka zingati. Nditawauza kuti 86, anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti sitima siichedwa. Ndinafuna kuwalavulira. Koma ndikanalavula ndili ndani? Iwo ndi muimba, inde, koma nyamayo ndinaipha ndine.

Lachitatu m'mawa ndinagogoda kwa a Firmin. Ndinawapeza atakhala pa tebulo, akusisita mkono pamene pamakhala wotchi. Sindinazungulire. Ndinawauza zonse, za chizindikiro, za lamulo la a Montandon, za dilowa, za kapepala. A Firmin anati tsiku la ku shopu lija amalikumbukira. Anapita nayo ku shopuko chifukwa inkachedwa. Atabwera kudzaitenga n'kuona mmene yayerera, anaganiza kuti taitsuka, ndipo analira mu msewu pomwepo chifukwa inaoneka ngati tsiku la ukwati wawo. Anati anabwereranso n'kukapereka chokoleti kwa mtsikana amene anali pa tebulo la pawindo. Mtsikanayo ndinali ine. Chokoleticho ndiyenera kuti ndinadya.

"Unali mwana iwe," anatero.

Akanangondiwomba mbama. Ndikanapirira mbama kusiyana ndi mawu amenewo.

Ndinawaonetsa chithunzi cha zilembo zija pa foni, cha kumbuyo kokha. Cha kutsogolo sindinawaonetse, ndipo musandifunse chifukwa chake, ndinachita mantha basi. Anayang'ana N uja nthawi yaitali, n'kunena kuti ndi yemweyo, Nelly ankalemba N ngati mpando wogwa. Anati ndiwapatse cholembera. Ndinawachenjeza kuti aganize kaye, munthu ameneyu akudikira maliro anu.

"Aliyense akudikira omwewo, Huguette. Uyu bola wanena."

Anasaina osawerenga.

Lachisanu a Grandjean anabwera ndi envulopu, ataitsekera m'kabokosi kachitsulo. Anakana kuti ndigwire ntchitoyo ndekha. Ndinatsegula mawindo onse ngakhale kunja kunali chipale chofewa, ndinavala chophimba pakamwa ndi magolovesi, iwo ali chilili kumbuyo kwanga, mpweya wawo wa mankhwala otsukira m'kamwa ukundiomba pakhosi. Ndikangoyandikiza kamtengo pa litsiro lija, amvekere ayi ayi mayi, pamenepo ayi. Utoto unkayoyoka pang'onopang'ono, ndipo kachidutswa kalikonse kakagwa iwo ankabuula ngati ndawaponda chala. Ndinaika nkhope, ndinaika mivi yake yakale imene inali mu envulopu momwemo, ndinatseka. Wotchi inayamba kuyenda. Nkhope yoyera ija anati nditaye kapena ndisunge, zili kwa ine, chifukwa ilibe ntchito. Ndinaikulunga m'kapepala n'kuiika m'thumba.

Tinatsika masana. A Firmin anali atameta ndevu, atavalanso jekete lija. Pa tebulo anaika buledi wotsekemera wa kubekale ya pakona, ndi makapu abwino aja amene sindinawaonepo akutuluka m'kabati. Anakonzeka ngati munthu wolandira mlendo wochokera kutali. Ndinawapatsa wotchiyo m'manja.

Anaiyang'ana. Anavula magalasi, anavala ena owerengera, anapita nayo pawindo. Ndinkadikira kuti alire, kapena aipatse moni, kapena anditukwane, chilichonse. Iwo anangoipendeketsa uku ndi uku.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa.

Ndinawauza kuti ndi yomweyo, ya a Nelly, zilembo zija zili kumbuyo kwake, ndaziona ndi maso anga. Anapukusa mutu. Anati Nelly anali munthu waukhondo. Anati ankakhala pa tebulo msana uli chilili, akapenta nambala imodzi n'kuiyang'ana ngati sakuikhulupirira, ndipo 8 wake ankakhala wosalala, kufakitale ankachita kumuonetsa kwa atsikana atsopano. Anati Nelly sakanapereka chinthu chotere kwa munthu, ngakhale kwa mdani. Ankalankhula motsitsa mawu, koma wotchiyo anaigwira kutali ndi thupi, ngati nsanza imene watola pansi.

Apa ndi pamene a Grandjean anaona kuti mkuluyo akufunika kuphunzitsidwa. Anaika kapu pansi, nyenyeswa za buledi zili pa chibwano, n'kuyamba kufotokoza mokoma mtima ndithu kuti bambo, simukudziwa chimene mwagwira. Mtundu umenewu anthu amaufunafuna dziko lonse, ndipo palibe amene angaupange ndi manja. Ndi radiyamu yokha imene imachita zimenezi, imadya utoto pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, kuchokera mkati.

"Yomwe ija inadya mafupa ake?" anafunsa a Firmin.

"Eya, yomweyo," anayankha a Grandjean, akumwetulira, osangalala kuti wophunzira wamva.

Ndakhala ndi anthu amenewa zaka zisanu ndi ziwiri, ndawaona akununkhiza thukuta la akufa, koma zonyansa ngati za tsiku limenelo sindinazionepo. Ndipo choipa n'chakuti munthuyo sanafune kupweteka aliyense. Sanadziwe n'komwe kuti wanena kanthu.

A Firmin anabwerera pa tebulo n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Ndinatulutsa kapepala kaja m'thumba, ndinakatambasula, n'kuwauza kuti yoyera ija ilipo, ndikhoza kuibwezeretsa lero lomwe, ola limodzi lokha. A Grandjean anayamba kuti koma kapepala kathu ka mgwirizano, ine n'kuwayang'ana mpaka anatseka pakamwa. A Firmin anaiyang'ana nkhope yoyerayo. Ndinaona maso awo akufewa, chala chikuyandikira, chifukwa imeneyo ndiyo ankaidziwa. Koma chalacho chinaima chisanafike.

"Nanga iyi anapenta ndani?"

Ndinawauza zoona, kuti palibe. Inadindidwa ndi makina, mazana pa tsiku.

"Ndiye zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala ndikupatsa moni makina."

Pa tebulopo panali nkhope ziwiri, ina ya mkazi wawo imene sankatha kuiyang'ana, ina imene ankaikonda koma sinali ya munthu. Anakhala akuyang'ana apa, kuyang'ana apo. Kenako ndi zala ziwiri anakankha wotchiyo kudutsa pakati pa makapu mpaka inafika pa mbale ya a Grandjean.

"Tengani, a dokotala. Musavutike n'kudikira."

Mukuganiza kuti anakana? Ngakhale kukana kwabodza kuja, koti ayi bambo, ganizani kaye? Ayi ndithu. Anapukuta zala pa buluku, anavala magolovesi oyera aja, anaikulunga wotchiyo mu nsalu, n'kuitsekera m'kabokosi. Anathokoza kawiri, anati buledi anali wokoma, ndipo ali pakhomo anandiuza kuti Loweruka la mwezi wamawa ndisalephere kubwera, chifukwa a Stauffer akadzaiona adzadwala. Ndinamva mapazi awo akuthamangira ku galimoto.

Tinatsala awiri. Khofi anali atazizira m'makapu. Ndinafuna kunena pepani, koma mawu amenewo ndinali nditawanena kale Lachitatu ndipo sanakonze kanthu. Ndinayamba kusonkhanitsa mbale kuti manja anga apeze chochita. A Firmin anakhalabe pomwepo, akuyang'ana kunja kumene chipale chinayambanso kugwa. Patapita kanthawi anakweza mkono wamanzere, anakankha jekete, n'kuyang'ana. Panali kamzere koyera ka khungu limene silinaonepo dzuwa kuyambira 1957. Anakayang'ana pang'ono, n'kutsitsa mkonowo pa tebulo.

"Huguette, nthawi ili bwanji?"

Ndinawauza kuti folo yangokwana kumene.